Hositelo ya payunivesite ku Harare: ndinagulako nthawi, madzi ndinkadzitungira

Mdzukulu wa azakhali anga a ku Mufakose, dera lina la mu Harare, wasankhidwa kupita ku yunivesite, ndipo pakhomo paja pabuka mkangano: mwanayu azigonera kusukulu konko kapena azichokera kunyumba? Azakhali anandiimbira Lamulungu madzulo. "Iwe mwanawe, unakhalako zaka ziwiri. Tatiuza chilungamo, ndalama zimenezi sitikungotaya m'madzi?" Pafoni ndinawayankha mwachidule, koma nditadula ndinaona kuti yankho lake ndi lalitali. Ndiye ndati ndililembe lonse, mwina lingathandizenso makolo ena a kwathu amene ana awo akubwera kudzaphunzira kuno. Dzina la yunivesite sinditchula, popeza zina zimene ndinene ndi madandaulo, komanso anzanga a masukulu ena mumzinda muno amandiuza zofananafanana.

Ine kwathu ndi ku Blantyre. Agogo anga aamuna anabwera kuno nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukutchedwa Salisbury, n'kumagwira ntchito yophika. Bambo anga anabwerera kumudzi ali mnyamata, koma alongo awo anatsalira, anakwatiwa konkuno, ndipo mpaka lero amayankhula Chichewa chakale chokoma, chothira Chishona apa ndi apo. Choncho nditapeza malo ophunzira zowerengera ndalama mu Ogasiti 2022, panalibenso zokambirana. "Mwana wa achimwene akagone kuhositelo ine ndili moyo? Zosatheka." Semesita yoyamba yonse ndinakhala ku Mufakose.

Muyambe mwamva za semesita imeneyo, chifukwa ndi imene inandiphunzitsa mtengo weniweni wa hositelo. Ndinkadzuka 4 koloko, kutenthetsa madzi, kusamba, 5 koloko ndili pamsewu. Maminibasi kuno amati makombi, ndipo ndinkakwera awiri popita, awiri pobwerera: imodzi yolowa m'tauni, kenako kudutsa tauni wapansi kukakwera ina. Nthawi yothithikana ndinkalipira dola imodzi ya America pa kombi iliyonse, kutanthauza madola 4 patsiku, 20 pamlungu, 80 pamwezi. Mvula ikangoti waa, kondakitala, amene kuno amamutcha hwindi, ankakweza mtengo muli m'katimo. Chenji nacho chinali nkhani. Akasowa, ankakupatsani dola imodzi anthu awiri osadziwana kuti mukagawane nokha mukatsika, ndiye uziyenda pambuyo pa munthu wachilendo kufunafuna wogulitsa nthochi woti akuswereni ndalamayo, kalasi itayamba kale. Makombi akasowa tinkakwera timagalimoto ting'onoting'ono totchedwa mushikashika, anthu kupanikizana ngati matumba a chimanga. Tsiku lililonse maola atatu kapena anayi ankathera pamsewu.

Mu Novembala chaka chomwecho madzi anatsika kwambiri m'nyanja ya Kariba, moti mbali ya Zimbabwe inalamulidwa kuyamba yaleka kupanga magetsi kumeneko. Ku Mufakose ankayaka cha m'ma 10 usiku n'kuzima kusanache. Inali nthawi ya mayeso. Ndinkafika kunyumba thupi lonse lili lefu, kuthandiza kuphika pamoto panja, kugona pang'ono, kudzuka pakati pa usiku kuti ndichaje laputopu ndi kuwerenga, kenako 4 koloko yakwana. Phunziro limodzi ndinalephera. Azakhali ataona pepala la zotsatira anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndakuchedwetsa ndine. Pita ukagone pafupi ndi mabuku ako." Ndinalowa mu hositelo kumayambiriro kwa 2023.

Kupeza malo si masewera. Ophunzira ndi ochuluka kuposa mabedi, ndipo amene wachedwa kulipira fizi kapena kulembetsa asayembekezere chifundo. Pasukulu pathu paja ankayamba kuganizira a chaka choyamba, olumala ndi ochokera kunja, ndipo ine ndinalowera khomo lomalizali. Amene asowa malo amakachita lendi m'nyumba za anthu zoyandikana ndi sukulu, momwe eni ake amaika mabedi osanjikiza, atsikana anayi kapena asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi. Mtengo wa hositelo sindilemba chifukwa unkasintha pafupifupi semesita iliyonse. Chimene ndinganene n'chakuti nditachotsera madola 80 a makombi aja, kusiyana kwake kunali kochepa kuposa mmene makolo anga ankaopera. Tsiku lolandira kiyi ndinaima pamzere kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, sutikesi ili pambali, ndipo palibe amene anatifotokozera chimene chinkachedwetsa.

Chipinda chinali pansanjika yachitatu. Munali mabedi awiri achitsulo, matiresi opyapyala okutidwa ndi pulasitiki, tebulo ndi mpando aliyense wake, kabati ya zovala yothyoka potsekera, ndi masoketi awiri, koma yogwira ntchito inali imodzi. Galasi la zenera linali losweka pakona. Tinakanena katatu, analemba m'buku katatu, mapeto ake tinamatapo katoni ya sopo ndi selotepi, ndipo katoni imeneyo ndinaisiya pomwepo potuluka. Musaiwale kuti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500. Juni ndi Julaye kumazizira ngati ku Dedza, ndipo mphepo yolowera pabowo laling'ono ngati limenelo imakufika m'mafupa. Bulangete limodzi silikwanira.

Koma m'mawa woyamba ndinadzuka 6 koloko, kusamba, kumwa tiyi nditakhala pansi, n'kuyenda mphindi zisanu ndi ziwiri zokha kufika m'kalasi. Ndinakhala kutsogolo, malo amene semesita yonse yapita ndinkangowaonera kumbuyo. Apa ndi pamene pagona ubwino wonse wa hositelo, ndipo aliyense wofuna kuiyesa aiyesere pamenepa. Bedi la kwa azakhali linali labwino kuposa lija. Nsima ya kwa azakhali sitingayerekeze n'komwe. Chimene ndinagula ndi maola anayi aja, tsiku ndi tsiku. Laibulale inkatseka usiku, ndipo ndinkatha kukhalamo mpaka atatithamangitsa, osaganiza za kombi yomaliza kapena za kanjira kamdima kochokera pasiteji. Magetsi akazima m'madera ozungulira, kulaibulale ankaliza jenereta. Wi-Fi inkavuta madzulo aliyense akalowapo, koma cha m'ma 5 m'mawa inkathamanga bwino, ndipo ndalama ya mabandulo inatsika kwambiri. Tinapanga gulu la anthu asanu lowerengera limodzi. Amene wamvetsa mutu wina ankaima pabolodi m'kalasi yopanda anthu n'kuphunzitsa anzake mpaka 10 koloko. Phunziro ndinalephera lija ndinalibwereza n'kukhoza bwino, ndipo sindinalepherenso lina.

Tsono madzi. Walira mvula walira matope, ndikudziwa, koma pa nkhani iyi mtima wanga sunaphwe mpaka pano. Vuto la madzi ndi la mzinda wonse. Ochokera ku Lake Chivero sakwanira anthu onse a mu Harare, ndipo madera ambiri amadalira mijigo ndi zitsime. Izo n'zomveka. Koma kunyumba mumakhala anthu asanu ndi awiri, chimbudzi chimodzi, mumadziwana, mumauzana. Mu hositelo mumakhala atsikana makumimakumi pansanjika imodzi, zimbudzi zogejemula zinayi, mipopi n'kuuma masiku atatu. Ngakhale madzi abwere, mphamvu yake inkathera pansanjika yoyamba, kwathu kumwamba mpopi unkangolira mphepo. Pansi panali thanki yaikulu yobiriwira yodzazidwa ndi mjigo. Ndinagula chigubu cha malita 20 ndi ndowa ziwiri. Malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo masitepe ndinawawerenga mpaka kuwaloweza: 42. Pamutu sindikanatha kusenza chifukwa pokhotera denga linali lotsika, ndiye ndinkanyamula kumanja, kupuma pansanjika iliyonse, chogwirira chikudula zala. Mzere wa pathanki unkayamba 5 koloko. Ukachedwa upeza yatha, ndiye usankhe: madzi otsala m'ndowa usambe, uchapire, kapena uthire kuchimbudzi.

Fungo la m'khonde tsiku lachitatu sindilifotokoza. Ndingonena za chinthu chimene ambiri sachitchula, chifukwa amene amakonza bajeti nthawi zambiri si amene chimawagwera: mtsikana akakhala kumwezi, tsiku lopanda madzi ndi chilango. Ndinaonapo mnzanga wina wa chipinda choyandikana akujomba kalasi tsiku lonse, osati chifukwa chodwala, koma analibe posamba ndipo ankachita manyazi kupempha. Kuyambira tsiku limenelo pansanjika pathu tinagwirizana kuti aliyense wokatunga azithirako jagi imodzi mu ndowa yapadera imene tinaiika kubafa, yosafunsa mwini.

Mu Novembala 2023 kolera inavuta mu Harare mpaka akuluakulu a mzinda analengeza kuti zinthu zafika pangozi, ndipo ku Kuwadzana ndiye kunakhudzidwa kwambiri. Amayi anga, amene anali ataona mmene matenda omwewa anapululira anthu ku Malawi kuyambira 2022, ankaimba m'mawa ndi madzulo. "Ukuwiritsa madzi? Usadye zam'njira, wamva?" Tinkathira mankhwala a klorini m'zigubu, sopo tinamumangirira pachingwe pakhomo la chimbudzi. Tinapita gulu kwa mayi oyang'anira hositelo, ndipo kunena zoona iwo anatimvera, anayenda nafe mpaka kumaofesi. Kwa milungu ingapo galimoto ya thanki inkabwera kawiri patsiku, oyeretsa anawonjezeredwa. Mliri utachepa, zonse zinabwerera mwakale. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti nzotheka, kungoti sizikhala patsogolo. Kulandira ndalama yonse ya malo ogona kwa mwana wa munthu, osam'patsa madzi odalirika, si chilungamo, ndipo makolo ali ndi ufulu wofunsa funso limeneli asanalipire: kodi mjigo ulipo, ndipo pampu yake imakweza madzi mpaka nsanjika iti? Safunsa anadya phula.

Za chakudya sindichulutsa. Nsima kuno amati sadza, ndipo ya kukantini inali ya ufa wa mgaiwa, yolimba, yokhutitsa. Ndiwo zinkazungulira pomwepo: nyemba, kabichi, masamba otchedwa covo, soya, nkhuku mwa apo ndi apo. Sizoipa, koma pofika mwezi wachitatu lilime limafuna kwawo. Kuphika m'chipinda kunali koletsedwa, ndipo akakupeza ndi hotipuleti ankalanda. Lamulolo ndimaligwirizana nalo, chifukwa mawaya a nyumba zija ndi akale ndipo moto ukabuka usiku pansanjika yachitatu palibe kothawira. Chimene sindigwirizana nacho n'kuletsa osapereka kakhitchini ngakhale kamodzi koti anthu azisinthana. Mapeto ake ndalama zimathera pa mabanzi, tchipisi ndi chakumwa cha Mazoe. Mu Epulo 2024, ndalama yatsopano ya ZiG itangoyamba, panadutsa masiku angapo ogulitsa ang'onoang'ono akungofuna madola a America basi, ndipo amene makolo ankawatumizira ndalama ya dziko lino pafoni anavutika kugula ngakhale buledi. Ine chinkandipulumutsa ndi Loweruka. Azakhali ankakwera makombi awiri aja, pa msinkhu wawo, atanyamula kontena ya nkhwani wotendera, usipa wochokera kumudzi ndi botolo la thobwa. Tinkakhala pansi pa mtengo wa jakaranda kunja kwa geti, iwo n'kumandiyang'ana ndikudya. "Waonda. Kodi amakupatsani chakudya kapena fungo lake?"

Munthu wogona naye chipinda sumusankha, ndipo apa ndi pamene ena hositelo imawakanika. Wanga anali mtsikana wa ku Chimanimani, kumapiri a kum'mawa. Masabata oyamba sitinkamvana. Iye ankagona 9 koloko n'kudzuka 4 koloko kupemphera mokweza, ine ndinkawerenga mpaka pakati pa usiku nyali ili ngwee. Soketi imodzi ija tinkalimbirana. Tsiku lina anagwiritsa ntchito ndowa yanga ya madzi osandiuza, ndipo tinatha masiku awiri osalankhulana, m'chipinda choti ukatambasula mkono umagunda bedi la mnzako.

Kenako mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwa kummwera kwa Malawi. Ndinaona pa Facebook zithunzi za matope ndi miyala zotsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe. Kwathu si kutali ndi kumeneko. Foni ya amayi sinkalowa, ya bambo chimodzimodzi, ya mchimwene wanga inkangoitana osayankhidwa. Ndinakhala pansi pakona pakhonde, pamene Wi-Fi inkagwira bwino, kuimba ndi kuimbanso, manja akunjenjemera. Cha m'ma 1 koloko usiku chitseko chinatseguka. Mnzanga uja anatuluka atanyamula bulangete lake, anandifunditsa, n'kukhala pansi pambali panga pasimenti pozizira. Sanandiuze kuti zonse zikhala bwino. Anandiuza kuti mu Malichi 2019, namondwe wa Idai atagwa kwawo, iye anali kusukulu yogonera konko ndipo anatha masiku anayi osadziwa ngati amayi ake ali moyo. Anati, "Mafoni amayamba kufa ndi magetsi, osati anthu. Imba kamodzi pa ola, batire lisathe." Anatenga foni yanga n'kukaichaja pasoketi ija, yake anaizula. Tinakhala pomwepo mpaka kunja kunayera. Uthenga unabwera madzulo a tsiku lotsatira, kuchokera pa nambala yachilendo: onse ali moyo, khoma la kukhitchini lagwa, ali kutchalitchi. Amene anayamba kulira ndi iye.

Zitatha izo ndinagula kanyali kapatebulo kuti ndisamamuwalitsire, iye n'kuyamba kupemphera chamumtima. Chaka chachiwiri tinakapempha tokha kuti atiikenso limodzi. Sindikunena kuti aliyense adzapeza wotere. Ena anagona ndi anzawo akuba, ena aphokoso, ena obweretsa alendo osatha. Zovala pachingwe sunkazisiya zokha, unkakhala pompo ndi buku mpaka ziume, ndipo ine ndinataya jinzi ndi nsapato tsiku limene ndinaiwala lamulo limeneli. Panalinso ogoneka anzawo mobisa, osowa malo, moti chipinda cha awiri chinkasanduka cha anayi, mzere wa kubafa n'kutalika.

Chishona ndinachiphunzirira mu hositelo, mwachangu kuposa mmene ndikanachitira kwa azakhali, kumene tinkangoyankhula chathu. Ena ankanditchula Mubhurandaya, dzina lakale limene anthu kuno amatchulira a ku Malawi, lochokera ku Blantyre komweko. Pakamwa pena limatuluka mwachikondi, pena limaluma. Koma tsiku lina ndikuyankhula ndi amayi pafoni pamasitepe, mayi wina wokolopa anaimika mopu n'kundiyang'ana. Nditadula anati, "Mwanangu, kwanu n'kuti?" Anabadwira pafamu ku Mazowe, makolo awo anali a ku Ntcheu, ndipo ku Malawi sanapondeko. Kudzera mwa iwo ndinadziwana ndi ophunzira ena, a Phiri, a Banda, a Mwale, obadwira ku Mabvuku, ku Dzivarasekwa, ku Highfield, amene Chichewa amachimva bwinobwino koma pagulu sankachiyankhula. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa ziyankhulo 16 zovomerezeka, koma manyazi a zaka zambiri sachoka ndi pepala. Tinayamba kumapita limodzi ku CCAP Lamulungu, ndipo pobwerera m'kombi tinkayankhula chathu mokweza.

Ndikudziwa chimene azakhali akuopa kwenikweni, ngakhale sanachitchule pafoni. Ndi magalimoto aja amaima kunja kwa geti Lachisanu madzulo, a azibambo a misinkhu ya makolo athu. Alipo, ndinawaona, ndipo ndinaona atsikana abwinobwino akukwera, ambiri chifukwa ndalama ya chakudya yatha mwezi uli pakati. Mowa ulipo, maphwando alipo, ndipo palibe amene adzakugogodere kuti dzuka upite m'kalasi. Alonda pageti ankagwira ntchito yawo, alendo aamuna ankalembetsa ndipo nthawi ikakwana ankatulutsidwa, moti usiku ndinkagona mtima uli m'malo kuposa mmene ndinkayendera mumdima ku siteji. Koma mlonda amalonda geti basi. Mwana amene mukumutumiza kumeneko muzimutumizira ndalama ya chakudya pa nthawi yake, ngakhale yochepa, ndipo muzimuyendera.

Chomaliza chondiwawa ndi tchuthi. Semesita ikatha umatulutsa chilichonse n'kubweza kiyi, ngakhale ukubwereranso chipinda chomwecho. Kwa ine, wa ulendo wa makilomita pafupifupi 600 kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, sizikanatheka kukwera basi ndi ndowa, zigubu ndi mabulangete. Ndinkasungitsa ku Mufakose. Anzanga a ku Zambia ndi ku Mozambique opanda abale kuno ankagulitsa katundu motchipa kapena kungomusiya, n'kudzagulanso. Kachipinda kamodzi kosungiramo katundu kakanathetsa zonsezi.

Pa nyenyezi zisanu ndikupereka zitatu ndi theka, ndipo imodzi yathunthu yachoka chifukwa cha madzi. Kwa mwana wokhala kutali ndi sukulu, wokwera makombi awiri, ndikuti alowe, makamaka zaka ziwiri zoyamba pamene akufunika kupeza anzake owerenga nawo. Amene kwawo ndi kombi imodzi ndipo ali ndi kachipinda kabata ndi sola, akhoza kukhala kunyumba osataya kanthu. Ine ndinatuluka kumapeto kwa 2024 chifukwa yafika nthawi yokaphunzira ntchito kukampani, ndipo pano ndikuchita lendi pafupi ndi m'tauni.

Azakhali avomera kuti mdzukulu wawo alowe. Chigubu changa cha malita 20 chikadali kuseri kwa chitseko chawo ku Mufakose, pamodzi ndi ndowa ziwiri ndi kanyali kaja, ndipo ndamuuza kuti atenge zonse. Loweruka likubwerali tikupita naye ku msika wa Mbare Musika kukagula bulangete lachiwiri, loko ya kabati ndi chingwe cha magetsi cha masoketi anayi. Fomu tinadzaza kale, ndipo pamene pakufunsa ngati ali ndi pempho lapadera tinalemba kuti amuike pansanjika yoyamba.